Mutu 6: Makapisozi a Alamu

1. Njira ya kuchimbudzi

Kusukulu panalibe amene ankamuitana dzina lopatsidwa ndi makolo. Chinenereni aphunzitsi a masewero kuti, "Mwana uyu sathamanga, amauluka ngati namzeze," dzinalo linamumatirira mpaka linafika kunyumba. Ngakhale mayi ake, amene poyamba ankati iwo sanabereke mbalame, anazolowera kumuitana Namzeze.

Koma sabata imeneyo Namzeze sankathamangira kubwalo la masewero. Ankathamangira kuchimbudzi.

Mayi ake anali telala. Chipinda chawo chosokeramo chinali chakumapeto kwa nyumba, ndipo zenera lake linkayang'ana njira ya kuchimbudziko. Ankapalasa makina maso ali pa nsalu, koma palibe wodutsa amene sankamuona.

Loweruka m'mawa makinawo anangoti zii.

"Iwe Namzeze, tabwera kuno."

Namzeze analowa n'kuima pafupi ndi mulu wa mayunifolomu odikira mabatani.

"Kuchimbudziku wasiyako chiyani? Chiyambire m'mawa ndiwe wekhawekha, ngati akulembako ntchito yaulonda."

"Ndamwa madzi ambiri, amayi."

"Madzi ake ati? Botolo lako limabwerako kusukulu lili lodzadza mmene linapitira. Amene amalitsuka ndine."

Zinali zoona. Zimbudzi za atsikana kusukulu zinali zothyoka zitseko, ndipo fungo lake linkachita kukulonjerera uli patali. Atsikana ambiri anasiya kumwa madzi masana. Ukafuna kutaya madzi unkangomanga thupi mpaka poweruka.

Mayi ake anabaya singano pa kansanza ka pachifuwa, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mayendedwe akowa sindikuwamvetsa. Ukuyenda ngati waponda minga. Dzulo ndamva kuti anakuona pamphambano, wina atakunyamulira chikwama."

"Ndi wa m'kalasi mwathu, amayi. Timabwerekana mabuku."

"Mabuku! Tonse tinabwerekanapo mabuku. Tamvera, mwana iwe. Ine ndasoka madiresi ambiri pa makina awa. Ndasoka yunifolomu ya mwana mu Januwale, pofika Julayi mayi ake n'kubwera nayo kuti ndiimasule m'chiuno. Ndimangomasula osafunsa, koma mumtima ndimalira. Mnyamata akakunyamulira chikwama lero, mawa amakusenzetsa katundu amene iye sangamukhudze n'komwe. Ndipo si mimba yokha ayi. Kuli matenda kunjaku. Amayamba chonchi, kuotcha pokodza, munthu n'kumabisa. Akuluakulu anati ukabisa matenda, maliro tidzamva. Ngati pali chimene wachita, nena panopa, ndidakali ndi mphamvu zokuthandiza."

"Palibe chimene ndachita."

"Ndiye chikukuvuta n'chiyani?"

"Palibe."

Mayi ake anayambanso kupalasa makina. Sanamuuze kuti apite, koma Namzeze anatuluka, ndipo anamva maso awo akumuperekeza mpaka pakhomo.

2. Kachitini ka paudala

Mnyamata wa chikwama analibe mlandu. Chinsinsi cha Namzeze chinali kuchipinda cha alamu ake, akazi a achimwene ake.

Achimwenewo ankayendetsa thiraki ndipo ankatha masabata ali pamsewu. Akazi awo ankaluka tsitsi ku saluni. Anali munthu wansangala, wa zikhadabo zopaka utoto, woseka mokweza. Mayi a Namzeze sanamumasukirepo chilowereni m'banjamo. Ankati mkazi wotuluka m'nyumba akununkhira pamene mwamuna wake kulibe, ndi wofunika kumuika diso.

Vuto la Namzeze linayamba kumayambiriro kwa teremu. Tsiku lina alamuwo anamupeza kuseri kwa bafa akugwetsa misozi, atagwira pamimba. Sanamufunse za anyamata. Anangomukokera kuchipinda, n'kutsegula kachitini kakale ka paudala. Munali makapisozi, mbali ina ofiira, mbali ina achikasu.

"Zimenezo n'zathu akazi, mlamu," anatero. "Inenso zimandigwiragwira. Umwe awa, ukaona kuti kwasiya kuotcha usiye, tisunge ena. Koma pakamwa. Apongozi anga akangomva kuti ndimasunga zotere, anena kuti ndadwala zakunja."

Makapisoziwo anagwira ntchito ngati matsenga. Tsiku lachiwiri lisanathe, Namzeze anali akuuluka pabwalo.

Patapita milungu yochepa, vuto linabwerera. Anamwanso, koma ulendo uno linachedwa kuchoka. Linabweranso kachitatu. Tsopano anali atamwa sabata yonse, ndipo moto sunkazima.

Loweruka lomwelo masana, mayi ake atapita kukagula ulusi, Namzeze anagogoda kwa alamu ake. Anawapeza atakhala pabedi akupesa wigi.

"Alamu, sakugwira."

"Tseka kaye chitseko. Ukumwa bwanji?"

"Mmene munandiuzira."

"Uzimwa awiriawiri."

"Ndinayamba dzana. Palibe chasintha. Kodi mankhwala amenewa ndi enieni? Mumawatenga kuti?"

Alamuwo anaika chipeso pansi. "Ukufunsiranji? Wina wakutuma?"

"Ayi. Ndangofunsa."

"Ndimagula kwa bambo wina kumsika. Amachita kutapa m'botolo lalikulu, n'kukulunga m'kapepala. Saluni yonse timagula komweko, palibe anafapo. Mwina iweyo pali zina zimene sukundiuza."

"Inunso, alamu?"

"Ine ndangoti mwina." Anamuyang'anitsitsa. "Nanga m'mawa muja mumanong'onezana chiyani ndi amayi ako? Ndinamva makina ataima."

"Sindinawauze kanthu."

"Lumbira."

"Ndithu, alamu."

Alamuwo anapumira m'mwamba, n'kumugwira dzanja. "Ukudziwa mmene ndimakhalira pakhomo pano. Achimwene ako kulibe. Mnzanga ndiwe wekha. Ukandigulitsa, ndilibe pothawira."

Anamufumbatitsa makapisozi ena. Namzeze anawalandira, koma potuluka anayamba kumva kanthu kachilendo: kupweteka kwa pansipansi, kumsana, mbali ya kumanja, pamene pamathera nthiti.

3. Mafunso a adokotala

Lolemba m'mawa Namzeze anavala yunifolomu, koma sanafike pageti. Ananjenjemera mano kuchita kugundana, dzuwa lili phwee, kenako anasanza m'mbali mwa maluwa.

Mayi ake sanakalipe. Anamumwetsa mapiritsi oziziritsa thupi, anatseka chipinda chosokeramo, n'kunena kuti, "Lero tikamva zoona kuchipatala."

Alamu ake anabwera ndi juzi. Pomuveka anawerama ngati akukonza kolala, n'kunong'ona kuti, "Pakamwa, mlamu."

Kuchipatala mzere unali wautali. Anakhala pabenchi pakati pa mayi wina wa mwana wotsokomola ndi bambo womanga bandeji kuphazi. Pamene ankaitanidwa n'kuti mapiritsi aja atagwira, thupi litazizira.

Adokotala anali mayi wachikulire, wa imvi m'mbali mwa makutu, magalasi atalendewera pachingwe. Anawalozera mipando.

"Mayi, mungatidikire panja pang'ono?"

"Ayi, adokotala. Mwanayu ndi wanga. Zonse ndimve ndekha."

Adokotala anayang'ana Namzeze. "Chikukuvuta n'chiyani, mwanangu?"

"Pokodza pakuotcha."

"Umapita pafupipafupi?"

"Ee."

"Kumsana kapena m'nthitimu mukupweteka?"

Namzeze anaona mayi ake atatchera khutu. Chilichonse chowonjezera chikanakhala umboni pa mlandu wake.

"Ayi."

"Zinakuchitikirapo kale?"

"Ayi."

"Wamwapo mankhwala alionse?"

"Ndamupatsa oziziritsa thupi m'mawa, atanjenjemera n'kusanza," anatero mayi ake.

"Ena aliwonse?"

Namzeze anayang'ana pansi. "Ayi."

"Muyezeni zonse, adokotala," anatero mayi ake, mawu atatsitsa. "Zonse. Mukundimva? Ana a masiku ano amayankha ayi asanamve funso."

Anamuyeza malungo, osapezeka. Anamupatsa kabotolo kuti akaikemo mkodzo. Namwino anaviikamo kapepala kakang'ono, ndipo kanasintha mtundu.

"M'chikhodzodzo mwalowa tizilombo," anatero adokotala. "Popeza n'koyamba, ndikupatsa mankhwala amene timayambira. Umwe mmene akakuuzire pawindo. Ukayambanso kunjenjemera kapena kusanza, ubwere tsiku lomwelo, usadikire."

"Tizilombo tochokera kuti?" anafunsa mayi ake.

Koma namwino anali atatsegula kale chitseko, wodwala wina ataima pakhomo.

4. Pawindo la mankhwala

Wopereka mankhwala anali kuseri kwa windo la zitsulo. Anatenga kathumba koonekera m'kati, anathiramo mankhwala, n'kukankhira kunja.

Namzeze anatenga kathumbako.

Ofiira mbali ina, achikasu mbali ina. Anakatembenuza. Ngakhale timalemba ta pa kapisozi tinali tomwe tija.

"Tiye," anatero mayi ake, atayamba kale kuyenda. "Ndasiya ntchito ya anthu."

Namzeze anawatsatira mpaka pakhonde. Potsika sitepe, kumsana kunamubaya mpaka anagwira chipilala. Akapita kunyumba ndi kathumbako, ndiye kuti akamwa zomwe wakhala akumwa sabata yonse. Akabwerera, ndiye kuti wagulitsa alamu ake.

"Waimiranji?"

"Amayi, tibwerere."

"Waiwala chiyani?"

"Ndanama."

Mayi ake anatembenuka thupi lonse. Nkhope yawo inali ya munthu amene wapeza chimene amachiopa. Anamugwira pamkono, n'kubwerera naye.

Anthu a pamzere anang'ung'udza, koma namwino ataona mmene Namzeze ankayendera anawalowetsa.

Namzeze anaika kathumba patebulo. "Adokotala, mankhwala awa ndakhala ndikumwa kale. Sakugwira."

Adokotala anavala magalasi. "Kuyambira liti?"

"Sabata yatha. Koma aka n'kachitatu. Poyamba ndinamwa, nditachira ndinasiya. Kachiwiri chimodzimodzi. Panopa ndikumwa awiriawiri."

"Nanga msana?"

"Ukupweteka. Apa."

Adokotala anadzuka, anamuimika, n'kugogoda pang'ono ndi nkhonya pansi pa nthiti, kumbuyo. Namzeze anadumpha n'kukuwa.

Adokotala anakhala pansi. Sanakalipe, koma mawu awo analemera.

"Wachita bwino kubwerera. Ukanatuluka pageti apo, tikanakumana uli pamachira. Tsopano mvetserani nonse, chifukwa nkhani imeneyi ndimainena mpaka pakhosi kuuma.

"Tizilombo timeneti timatchedwa mabakiteriya. Nthawi zambiri timachokera m'matumbo mwa munthu mwini. M'matumbomo timakhala mwamtendere, koma tikasochera n'kulowa njira ya mkodzo, timayambitsa moto umene ukuumvawu. Kwa ife akazi njirayo ndi yaifupi, n'chifukwa chake zimatigwira kawirikawiri. Munthu akamamwa madzi ochepa, akamasunga mkodzo tsiku lonse, kapena akamadzipukuta kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo, ndiye kuti watitsegulira chitseko."

"Ndiye si za amuna?" anafunsa mayi ake.

"Mayi, akazi apabanja zimawagwira, n'zoona. Koma ndachizapo makanda a m'manja, ndachizapo agogo oyendera ndodo. Matenda amenewa si mboni ya mlandu uliwonse. Chimene chimandipweteka n'chakuti ana ngati uyu amaopa kunena, chifukwa akudziwa kuti kunyumba kukakhala bwalo la milandu. Ndiye amakafuna thandizo kumbali."

Mayi ake anakonza mpango umene unali bwinobwino.

Adokotala ananyamula kathumba kaja. "Mankhwala awa si abodza ayi. Kale anali mfumu. Nditangoyamba ntchito, ukapatsa munthu awa unkagona tulo. Lero ambiri sakuwachiza. Anthu amati thupi lazolowera mankhwala. Si thupi lako limene lazolowera, mwanangu. Ndi tizilombo.

"Iwe ndiwe wa sukulu, undimva. Tizilombo timeneti timakhalapo tambirimbiri, ndipo sitifanana. Tambiri n'tofooka, koma mumapezeka tochepa tolimba. Ukamwa mankhwala mwachisawawa, osayezedwa, mlingo wake wongoganizira, lero wamwa mawa wasiya, tofookato timafa, iwe n'kumati ndachira. Tolimba tija timatsala, ndipo malo onse asanduka awo. Timaswana, ana ake n'kukhala olimba ngati makolo. Ukabwerezanso, wasankhanso tolimba kuposa apo. Uli ngati mlimi wozula mbewu n'kumasiya udzu. Pamapeto pake ukamwa kapisozi, kwa ito zimangokhala ngati wathira madzi pamsana pa bakha.

"Ndipo sizithera mwa iwe wekha. Tizilombo tolimbato timayenda. M'manja osasamba, pachigwiriro cha chitseko cha chimbudzi, m'nyumba imodzi. Munthu woti sanamwepo kapisozi chibadwire amatha kudwala tizilombo tosamva mankhwala chifukwa cha kusasamala kwa ena. Mankhwala amtundu umenewu si shuga wobwerekana pampanda. Tilibe ambiri. Tikawatha mphamvu onse, tidzayamba kuika m'manda anthu odwala matenda amene kale tinkachiza ndi kathumba kamodzi."

Panja mwana uja ankatsokomolabe.

"Panopa tizilombo tako takwera mpaka ku impso," anapitiriza adokotala. "N'chifukwa chake ukunjenjemera n'kumasanza. Kunyumba subwerera lero. Titenga mkodzo wina tipititse ku labu, akaone mankhwala amene angathe kutipha. Podikira, tikuyamba ndi jakisoni."

Mayi ake anali asanathane nazo. "Wakupatsa ndani?"

Namzeze anatembenukira kwa adokotala.

"Ndikufunsa. Ndi mnyamata wa chikwama uja?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye ndani? Mankhwala sagwa kumwamba ngati mvula."

"Ine dzina sindikulifuna kuti ndimange munthu," anatero adokotala. "Koma amene amasunga zotere nthawi zambiri nayenso amadwala. Ngati akumwa ngati mmene wamwera iwe, ali pangozi yomweyi. Ukamubisa, sukumuteteza. Afunika abwere adzayezetse."

Namzeze anatembenukira kwa mayi ake. "Ndi alamu. Koma amafuna kundithandiza, amayi. Anandipeza ndikulira. Iwonso zimawavuta."

Anayembekezera kuti mayi ake akuwa. Sanakuwe. Anangoti, "Oo," n'kupinda milomo. "Oo" ameneyo anamuopsa Namzeze kuposa kukuwa.

5. Mu wodi

Wodi ya amayi inali ndi mabedi mizere iwiri. La Namzeze linali pafupi ndi sinki yodontha. Anamuika kapaipi padzanja, kolowetsera madzi ndi mankhwala.

Masiku oyamba anali ovuta. Thupi linkatentha, kuzizira, kutenthanso. Mayi ake ankamupukuta ndi kansalu konyowa. Anabweretsa madiresi a anthu n'kumasoka mipendero pamanja, atakhala pampando wa m'mbali mwa bedi. Za mnyamata wa chikwama sanazitchulenso. Kupepesa sanapepese, koma ankamudzazira kapu ya madzi isanathe n'komwe.

Nthawi yoona odwala ikakwana, Namzeze ankayang'ana kukhomo. Kunabwera aphunzitsi a masewero. Kunabwera anzake a m'kalasi. Alamu ake sanabwere.

"Amayi, alamu ali bwanji?"

"Alipo."

"Munawauza kuti abwere adzayezetse?"

"Ndinalankhula nawo."

"Munati chiyani?"

"Ndati ndinalankhula nawo. Imwa madzi."

Namzeze anamwa, koma ankawayang'ana pamwamba pa kapu. Mayi ake ankalowetsa ulusi pa singano, ulusiwo n'kumaphonya.

Zotsatira zitabwera, adokotala anafika nazo okha. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kutulutsa foni.

"Ndawapempha a ku labu kuti ajambule, uone ndi maso ako."

Pachithunzipo panali kambale kozungulira, kokutidwa ndi zinthu zotuwa ngati nkhungu. Pamwamba pake panali timapepala tozungulira tating'ono ngati mabatani a malaya.

"Zotuwazi ndi tizilombo tako, atimeretsa m'mbalemu. Kabatani kalikonse kali ndi mankhwala ake. Mankhwala akakhala amphamvu, tizilombo timafa mozungulira kabataniko, pamakhala poyera. Taona aka. Awa ndi makapisozi ako aja."

Tizilomboto tinali titamera mpaka kukhudza kabataniko.

"Nanga aka?"

"Amenewo sunamwepo, koma nawonso akanika. Tizilombo tikaphunzira kuzemba mankhwala amodzi, nthawi zina timazembanso ena. Aka ndi jakisoni amene tinakuyambira. Waona kampata kake kuchepa? N'chifukwa chake thupi likukanika kuzizira."

Kabatani kamodzi kokha ndi kamene kanali ndi bwalo lalikulu loyera.

"Atsala ndi awa," anatero adokotala. "Tili nawo, ndipo tikuyamba lero. Ndi amene timasungira odwala kwambiri. Uchira, usaope. Koma ukumbuke chithunzi ichi moyo wako wonse. Msinkhu wakowu, mankhwala okuchiza atsala kabatani kamodzi. Ukadzamvanso kuotcha, usadzafunse mnzako, usadzapite kumsika. Udzabwere kuno tidzayeze kaye. Safunsa anadya phula, koma wofunsa polakwika naye amadya phula yemweyo."

Mayi ake anaweramira pafoniyo nthawi yaitali. "Ndiye amene wakhala akumwa zimenezi kwa zaka, mbale yake ingaoneke bwanji?"

"N'chifukwa chake ndinati abwere. Simunamuuze?"

"Ndinamuuza," anatero mayi ake, koma mawu anatuluka ofooka.

Mankhwala atsopanowo anagwira. M'mawa mwake Namzeze anadzuka thukuta lili kamukamu, mutu utapepuka, ndipo kwa nthawi yoyamba anapempha chakudya yekha.

6. Achimwene abwera

Masana a tsiku limenelo, belu la oona odwala litangolira, munalowa achimwene ake. Anali ndi fumbi la pamsewu, maso ofiira, makiyi a thiraki akadali m'manja.

Anagwira Namzeze pachipumi. "Ukupeza bwanji, mbalame?"

"Ndayamba kuchira, achimwene."

Kenako anatembenukira kwa mayi awo. "Amayi, akazi anga ali kuti?"

"Si ali kunyumba?"

"Kulibe. Ku saluni akuti sanapiteko chiyambire Lachiwiri. Foni yawo ndi yozima. Chikwama chawo chachikulu palibe. Ndaimba kwawo, akuti sanafike."

Mayi ake anaika diresi pansi. "M'mawa muja ndinaona chitseko chotseka. Ndimayesa akugona."

"Munawauza chiyani?"

"Ndinangowafunsa."

"Amayi, ine ndimakudziwani. Munawauza chiyani?"

"Ndinati andiphera mwana. Ndinati matenda amene akubisa m'chitini akafotokoze bwino kumene anawatenga, iwe ukabwera." Anatsitsa maso. "Ndinali ndi mkwiyo. Zopita kuchipatala ndinati ndiwauza mtima ukatsika."

Namzeze anatembenukira kukhoma. Alamu ake anamupempha chinthu chimodzi chokha, choti asawaulule.

Achimwene anakhala pabedi mwamphamvu mpaka botolo la madzi linagwedezeka. "Mayi woyandikana nafe akuti anawaona kukucha, akuyenda chowerama, dzanja lili kumsana. Akuti anavala juzi ziwiri koma ankanjenjemera. Anawafunsa, iwo anangoti ndi malungo." Anapukuta kumaso ndi chikhato. "Amayi, munthu uja ndi woyembekezera. Tinagwirizana kuti tikuuzeni ine ndikabwera."

Mayi ake anagwira pakamwa.

Adokotala anali pabedi loyandikana, akuona wodwala wina. Anasiya, n'kubwera.

"Pepani, ndamva nawo. Mwati ndi woyembekezera, akunjenjemera, ndipo msana ukupweteka?"

"Ee, adokotala."

"Ndiye musakhale pansi. Kwa mayi woyembekezera, matenda amenewa akafika ku impso amathamanga. Akhoza kulowa m'magazi, akhozanso kuyambitsa matenda a kubereka nthawi isanakwane. Mupezeni lero, dzuwa lisanalowe, mubwere naye kuno. Asamwenso chilichonse."

"Ndikamufune kuti? Ndazungulira konse."

Onse atatu anatembenukira kwa Namzeze.

"Iwe ndi amene unkanong'onezana nawo," anatero mayi ake. Ulendo uno mawu awo sanali oweruza. Anali opempha.

Namzeze anadzuka n'kutsamira khoma. Panali malo amodzi. Alamu ake anamutengerako kamodzi, n'kumuimika panja kuti aziona ngati kukubwera munthu wowadziwa. Sanamuuze kuti n'kwa ndani, koma zimene anaona posuzumira pazenera tsikulo tsopano zinamumvekera.

"Kuseri kwa msika, kupitirira pamene amaotcherera zitsulo, kuli kanyumba ka chitseko chobiriwira. Bambo wogulitsa makapisozi uja amakhala kumeneko. Makapisozi akakanika, amabaya anthu jakisoni m'chipinda chakumbuyo. Amene afooka amawagoneka komweko."

Adokotala anavula magalasi. "Jakisoni wa chiyani?"

"Sindikudziwa. Mabotolo ake ena alibe mapepala."

Achimwene anaimirira pang'onopang'ono. Makiyi anasiya kulira m'manja mwawo.

"Akazi anga amalowa m'chipinda chakumbuyo cha mwamuna wina, ine ndili pamsewu? Ndipo iwe umadziwa?"

"Achimwene, si choncho. Amapitira mankhwala."

Koma iwo anali atayamba kale kuyenda, akudutsa pakati pa mabedi osapepesa amene akuwagunda.

Mayi ake anaponya diresi ya eni pansi, singano ili momwemo.

"Adokotala, ndionereni mwanayu," anatero, akumanga mpango mothamanga. "Moto umenewu ndayatsa ndine. Ndikapanda kufika msanga, mchimwene wakeyu akafika kumeneko ndi nkhonya m'malo mwa galimoto ya odwala."

Anatuluka akuthamanga, akuitana mwana wawo m'khonde. Namzeze anafuna kutsika pabedi, koma kapaipi ka padzanja kanamukoka. Anasuzumira pazenera. Achimwene anali atafika kale pageti, ndipo sanacheuke.